Msuweni wafunsa za kamakina ka ku labu

Eee, msuweni, ndalimva funso lako. Ati kamakina ka ku labu kwathu kamalekanitsa bwanji mapuloteni a m'magazi. Iwe? Iwe amene unkathawa Biology n'kukabisala kudimba kwa agogo? Haha, chabwino.

Timabaya chala, kadontho kamodzi basi. Timasakaniza ndi mankhwala ophwanya maselo ofiira kuti hemoglobini, puloteni yonyamula mpweya m'magazi, ituluke, n'kupaka pa kapepala konyowa ka mu microchip, kanthu kokwana m'dzanja. Tikayatsa magetsi, hemoglobini imayamba kuyenda, koma siyendera limodzi, poti ilipo ya mitundumitundu. Ya A imatsogola, ya F pambuyo pake, ya S imatsalira, ya C ndiye imatsaliratu. Ya S ija, ya matenda a sickle cell, pamalo amodzi mwa tizidutswa topanga puloteniyo pali kotchedwa valine m'malo mwa glutamic acid, ndiye magetsi saikoka mwamphamvu. Zoti ya S imayenda mosiyana anazipeza Linus Pauling ndi anzake mu 1949 ndi chimakina chachikulu, pano kamakina kathu ka Gazelle kamatha pa mphindi 8. Electrophoresis ndi imeneyo.

Koma nkhani ya magazi pabanja pathu pano, mmm. Ukukumbuka amalume a ku Mulanje, nthawi ya anamapopa ija, 2017? Inde sizinali zoseka, anthu anafa. Koma amalume! Malungo atawagwira, azakhali anawakakamiza kupita kuchipatala. Apalasa njinga, afika, akhala pa benchi bwinobwino. Adokotala... ayi, sanali dokotala, anali mnyamata wa zaumoyo, wangovala magolovesi, watulutsa kasingano koyezera malungo. Amalume kuimirira. Ati ndikataye madzi kaye. Anatulukira kuseri, kudutsa m'minda ya tiyi wapansi mpaka kunyumba, chipewa ndi njinga zonse kusiya konko. Munthu amene m'mawa amalephera kunyamula kapu! Kufika, ati magazi anga si a boma. Usiku anagona ndi chikwanje kumutu, agalu onse atawamangirira pakhomo. Mawa lake achimwene atakatenga njinga, anaipeza tayala litaphwa. Amalume ati mwaonatu, apopa ndi mpweya womwe. Malungowo anachira bwanji, tonse tikudziwa amene anawagwira mikono.

Ndimanena chiyani... eya. Msuweni, iwe sukufunsa za makina. Chinkhoswe chayandikira, ndipo za mwana wa azakhali aang'ono uja sunaiwale. Ndikudziwa. Pitani mukayezetse sickle cell nonse awiri, iwe ndi alamu athuwo, akuluakulu asanakhale pansi.

Munthu wa AS, wotenga A kwa kholo lina ndi S kwa linalo, sadwala, amaoneka wathanzi ngati iweyo ndi mimba yakoyo, ndiye poyang'ana nkhope sungadziwe. Mmodzi akakhala AA, wopanda S, mwana wa SS, wodwala sickle cell, sabadwa. Nonse mukakhala AS, pa mimba iliyonse mpata wa SS ndi umodzi mwa inayi. Osati mwana wachinayi ayi, mimba iliyonse payokha, ikhoza kukhala yoyamba yomwe. Sindikuti ukwati uthe, sindine nkhoswe ine. Mungodziwa, mukambirane ndi adokotala. Aaa, komanso ngati wina analandira magazi m'miyezi itatu yapitayi awauze, zotsatira zimasokonekera.

Ndiye wamva? Osati iwe wekha, nonse awiri. Ndipo usamutumize yekha mwana wa eni iwe n'kumadikira pageti, magazi ako ndi a amalume. Kayezetseni sabata ino, pepalalo ulijambule unditumizire kumbali, osati mu gulupu muno, azakhali amawerenga zonse.