Kodi Tilembenso Katalogi Yonse ya Nyimbo Chifukwa cha RDA?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amayang'anira laibulale ya nyimbo pasukulu ina kuno ku Harare. Akuluakulu awo alamula kuti katalogi ichoke pa malamulo akale olembera katalogi otchedwa AACR2 ndi kutsata atsopano otchedwa RDA, ndiye akufunsa ngati ayenera kulembanso chilichonse kuyambira pachiyambi, chonsecho ali okha ndipo theka la zimene amasunga ndi makaseti. Mayi, funso lanu landitokosa pachilonda, chifukwa ntchito imeneyo inandidyera miyezi yambiri, ndipo inanditayitsa chinthu chimene sindidzachipezanso.

Malamulo a RDA anatuluka mu 2010 kudzalowa m'malo mwa AACR2 amene anakhalapo kuyambira 1978, ndipo Library of Congress ya ku America inayamba kuwatsata pa 31 Malichi 2013. Nthawi imeneyo n'kuti ndikugwira ntchito palaibulale ina yaing'ono, kumene marekodi ambiri a m'katalogi, kutanthauza zolembedwa zofotokoza buku kapena chimbale chilichonse, tinkachita kukopera kuchokera ku malaibulale akunja. Pasanapite nthawi ndinaona kuti marekodi obwera asintha nkhope. Mawu oti "sound recording" amene ankakhala pambali pa mutu m'gawo 245 la MARC, kalembedwe ka marekodi pakompyuta momwe gawo lililonse lili ndi nambala yake, anasowa, ndipo m'malo mwake munabwera magawo atatu, 336, 337 ndi 338, onena za mtundu wa zimene zili m'kati, chipangizo chomvetserera ndi chinthu chimene nyimbozo zajambulidwamo. Gawo 260 la malo osindikizira ndi wosindikiza linasanduka 264, zidule za Chilatini za "S.l." ndi "s.n." zosonyeza kuti malo kapena wosindikiza sakudziwika zinathetsedwa, "arr." anayamba kulembedwa "arranged", ndipo ngakhale "violoncello" anadulidwa kukhala "cello". Katalogi yathu inayamba kuoneka yamawangamawanga ngati nkhanga, ndipo ine, pochita manyazi, ndinalumbira kuti ndikonza rekodi iliyonse ndi manja anga.

Ndinakhala pakompyuta kuyambira m'mawa mpaka madzulo, magetsi akazima ndinkalemba papepala kuti ndidzalowetse akayaka. Pa miyezi yomweyo kunabwera agogo ena a ku Mufakose, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anabweretsa katoni ya makaseti amene anakhala akujambula okha kwa zaka zambiri: makwaya a kutchalitchi, nyimbo za pamaliro, za chinamwali, ndi ng'oma za gule. Ndikukumbukira kuti anatenga kaseti imodzi, n'kulowetsa bolopeni m'kabowo kake, n'kumaipota pang'onopang'ono kuti tepi yomwe inatuluka ibwerere m'malo. Pakapepala ka kasetiyo panangolembedwa kuti "Maliro, mbali B". Anandiuza kuti ndikafuna azibwera Loweruka lililonse kuti tizimvetsera limodzi, iwo n'kumanditchulira amene akutsogolera nyimbo, amene ali pang'oma, ndi kumene anajambulira. Ine ndinayankha kuti, "Agogo, dikirani pang'ono ndimalize kukonza katalogiyi." Anaseka, n'kunena kuti, "Mwanawe, usachedwe, ine mawa anga ndi owerengeka." Pamene ndinkamaliza kusintha zidule zanga zija, agogowo anali atatsikira kulichete. Makaseti awo lero ali ndi marekodi otsata RDA bwino lomwe, pali "audiocassette", pali "performed music", koma palibe dzina la munthu ndi mmodzi yemwe. Choluma kwambiri n'chakuti pambuyo pake ndinadziwa kuti pulogalamu yaulere ya MarcEdit, yosinthira marekodi ambiri nthawi imodzi, ikanachita gawo lalikulu la ntchito ya miyeziyo m'masiku owerengeka.

Choncho ndikunena mosapsatira kuti kulembanso katalogi yonse ndi manja ndi kutaya nthawi, ndipo aliyense wokulamulani zimenezo sanakhalepo pampando wanuwo. Marekodi a AACR2 ndi a RDA amakhala limodzi bwinobwino m'malaibulale akuluakulu a padziko lapansi, ndipo palibe wowerenga amene analepherapo kupeza chimbale chifukwa choti malo osindikizira ali m'gawo 260. Komanso RDA yeniyeniyo sinakhazikike. Mu Disembala 2020 RDA Toolkit, tsamba la pa intaneti pamene pali malamulowa, inakonzedwanso potsata maganizo a 2017 otchedwa LRM a bungwe la malaibulale la IFLA, manambala a malamulo amene tinawaloweza aja anachotsedwa, ndipo kuti muiwerenge muyenera kulipira chaka ndi chaka ndi ndalama zakunja. Amene anathamangira kulembanso zonse mu 2013 akuyang'anizananso ndi phiri lina.

Pamene pali nkhani yeniyeni ndi pa maganizo amene RDA inamangidwapo. Lipoti la 1998 la bungwe la IFLA lomwelo, lotchedwa FRBR, linagawa chinthu panayi: nyimbo monga anaipekera mwini wake, kaimbidwe kake pa nthawi ina, chimbale chimene kampani inatulutsa, ndi kope limene lili pashelefu panu. Kagawidwe kameneka kamakwana bwino pa nyimbo za Beethoven, zimene zili ndi wopeka wodziwika, nambala ya opus, imene nyimbo iliyonse ya wopeka imapatsidwa, yolowa m'gawo 383 ndi kiyi yolowa m'gawo 384. Koma tatengani nyimbo ya pamaliro imene mayi wotsogolera amasintha mawu kuti atchule malemu ndi mudzi wawo wa kumudzi ku Malawi, mawa lake wina n'kuiimbanso ku Mbare ndi mawu ena. Wopeka ndani pamenepo? Kodi ndi nyimbo yatsopano kapena kaimbidwe kena ka nyimbo yakale? Ine ndinaganiza zoti ndiziitenga ngati nyimbo imodzi yopanda wopeka wodziwika, ndipo mphamvu zanga zonse ndiziike pa oimba, tsiku ndi malo, chifukwa m'nyimbo zathu mbiri imakhala mwa amene anaimba tsikulo.

Vuto lomweli limaonekanso pa zimbale za mabandi. Lamulo 21.23 la AACR2 linkalola kuti chimbale chokhala ndi nyimbo za opeka osiyanasiyana chilembedwe pansi pa dzina la woimba wamkulu. RDA inachotsa mwayi umenewo, moti chimbale chotere chimalowa ndi mutu wake, woimba n'kukhala ngati wothandizira chabe, pokhapokha ngati gulu loimbalo linachita zoposa kungoimba, monga kupeka kapena kusintha nyimbo pamene likuimba. Koma wophunzira akalowa pakhomo panu safunsa za mutu wa chimbale, amangotchula woimba, n'kumati, "Muli ndi za Macheso?" N'chifukwa chake dzina lililonse la woimba liyenera kulowa m'gawo 700, la gulu m'gawo 710, pamodzi ndi liwu losonyeza ntchito yake, kaya ndi "composer", "performer" kapena "singer". Apa ndiye pamene RDA ndimaiyamikira ndi mtima wonse, popeza inathetsanso lamulo lakale lija lakuti anthu akaposa atatu muzingolemba woyamba, ena onse n'kuwakwirira pansi pa "et al.", kutanthauza "ndi ena". Kwaya ya anthu makumi awiri tsopano mungathe kuitchula yonse ngati mayina mukuwadziwa.

Ndionjezepo za zoimbira ndi zilankhulo, chifukwa zimandipweteka mutu. Gawo 382 ndi la zoimbira, ndipo kuyambira 2014 pali mndandanda wa Library of Congress wotchedwa LCMPT wa mawu ovomerezeka otchulira zoimbira. Mawuwo agwiritseni ntchito, koma dzina limene eni ake amatchula lisatayike, lilembeni m'gawo 500. Chimene Mshona amati mbira ife timati sansi, ndipo ngakhale UNESCO, poika luso limeneli pamndandanda wake wa chikhalidwe cha anthu mu 2020 m'dzina la Malawi ndi Zimbabwe, inalemba mayina onse awiri. Mukangolemba "drum" pamene pakulira mbalule ndi mpanje, mwafufuta zimene wofufuza akanafuna kudziwa. Za chilankhulo nazonso, ndaona zimbale za sungura zambiri zolembedwa "sna" yekha, chizindikiro cha Chishona, chonsecho muli nyimbo za Chichewa chokhachokha. Chizindikiro chathu mu MARC ndi "nya", chiikeni m'gawo 041 ndipo mufotokoze m'gawo 546. Malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, kotero palibe chifukwa choti chizibisala m'katalogi ya mu Harare.

Zoti muchite, Mayi

Sankhani tsiku, ndipo chilichonse chobwera kuyambira tsikulo chilembedwe ndi RDA, potsata malangizo a Music Library Association a kalembedwe ka nyimbo mu RDA ndi MARC 21. Marekodi akale asungeni kaye pena, kenako muwadutsitse mu MarcEdit kuti ionjezere 336, 337 ndi 338, mutayesa kaye pa marekodi makumi awiri musanabwezere mu pulogalamu ya katalogi ya Koha kapena ina imene muli nayo. Mitu ya nyimbo za manotsi m'gawo 240 muziikonza pokhapokha pamene yakale ndi yatsopano zikulekanitsa nyimbo imodzi pawiri. Lembani tsamba limodzi la zimene mwasankha kuti wodzalowa m'malo mwanu asadzayambirenso. Nthawi yonse yotsala ipite ku makaseti amene palibe laibulale ina padziko ili nawo: funsani amene anawabweretsa, pezani wailesi ya kaseti yogwira ntchito, muwaitane Loweruka likubwerali, ndipo oimba muwalembe m'gawo 511, tsiku ndi malo m'gawo 518.