Nenani kuti kuunjika asilikali

Achimwene, mwafunsa kuti mawu a Chingerezi akuti military buildup mungawanene bwanji pa Chichewa: ingonenani kuti "kuunjika asilikali ndi zida", liwu limodzi lokha palibe. Nkhondo imakhala isanayambe koma akasinja ndi asilikali akungochulukirachulukira m'malire, ngati mmene Russia inachitira kumalire a Ukraine mu 2021 isanalowe pa 24 February 2022. Ena amati "kumemeza nkhondo", sizolakwika kwenikweni, koma kumemeza ndi kuitana anthu, pomwe kuunjika kukuonetsa kuti zinthu zikuwonjezekera pang'onopang'ono. Ine ndinamasulirapo kuti "akumenyana" tili pa renki ya Bree ku Joni, mnzanga wa ku Mangochi mpaka anayesa nkhondo yayamba kale, manyazi ake! Koma zikakhala za mapepala akukhoti kapena Home Affairs pezani womasulira wolumbira ku High Court, musadalire ife.