Kwa mayi wa ku Kasinje amene dzino likumuwawa ali woyembekezera

Achemwali, mwati muli ndi pakati pa miyezi isanu, dzino lakumapeto likukusowetsani tulo, apongozi akuti wapakati sazula dzino chifukwa mimba ingachoke, ndipo ndalama ya kupulayiveti mulibe. Ndiye mukufunsa ngati mungopirira mpaka mutachira.

Musapirire ayi. Miyezi inayi yatsalayo ndi yambiri kwa dzino lomwe layamba kale kulasa usiku. Apongozi anuwo akunena chifukwa chokonda mdzukulu wawo, ndipo ambirife tinakula tikumva zomwezo, koma si zoona. Jakisoni wa dzanzi amene amabaya pa usinini asanazule dzino, wotchedwa lignocaine, amabayanso amayi oyembekezera ndipo mwana sapwetekeka naye. Ndipotu nyengo muli inuyi, kuyambira mwezi wachinayi kufika wachisanu ndi chimodzi, ndi imene a mano amaikonda: mseru wa miyezi yoyamba watha, mimba sinakule kwambiri, mutha kukhala pa mpando wawo uja osabanika.

Choopsa ndi dzino lowola lomwe lasunga mafinya. Mayi wina woyandikana nane anachita zodikirazo ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Tsaya linatupa, chotupacho chinatsikira kunsi kwa chibwano, pakamwa sipankatseguka ngakhale polowetsa sipuni ya phala. Tinkamumwetsa ndi kapu pang'onopang'ono, phalalo likutayikira pa chitenje. Anakagonekedwa, anamuika diripi, dzinolo analizulabe ali ndi mimba yomweyo, ndipo mwana anabadwa bwino. Masiku amene sankadya aja ndi amene anatiopsa tonse. Choncho mukaona kutupa kukufalikira kukhosi kapena kudiso, thupi likutentha, kumeza kukuvuta, musadikire kuti kuche. Zimenezo zimatha kutseka njira ya mpweya.

Za ndalama tsopano. Kuchipatala cha boma salipiritsa, ndipo pa chipatala chachikulu cha pa boma pa Ntcheu pali gawo la mano. Vuto ndi loti m'zipatala zing'onozing'ono za kumudzi kawirikawiri mulibe wa mano, amangokupatsani panado n'kukutumizani ku boma. Ndiye ndalama yeniyeni imene ikufunika ndi ya thiransipoti, ndipo imeneyo isapite pachabe. Mukapita kusikelo auzeni anamwino za dzinolo, alembe m'buku lanu la kuchipatala kuti akukutumizani kwa a mano. Lawirirani m'mamawa chifukwa mzere umatalika, idyani kaye musananyamuke, ndipo mupite ndi munthu wokuperekezani. Mukalowa, musanatsegule n'komwe pakamwa, nenani kuti ndinu woyembekezera, miyezi yake, ngati BP yanu imakwera, ndiponso mankhwala aliwonse amene mukumwa. Ya thiransipotiyo ikasowa, bambo a kunyumba agulitse nkhuku kapena mukongole kubanki mkhonde. Ngongole imeneyo ndi yaing'ono poyerekeza ndi kugonekedwa sabata yathunthu. Zipatala za mishoni zimalipiritsa. Zina zili pa mgwirizano ndi boma woti amayi apakati azithandizidwa ulere, koma funsani kaye ngati mano ali m'gulu la zaulerezo.

Pamene mukukonzekera ulendowo, panado mutha kumwa motsatira mlingo wake. Bulufeni ndi diclofenac musamwe, ngakhale wa pagolosale atakuuzani kuti ndi amene amapha ululu wa dzino, chifukwa mimba ikafika apa mankhwala amenewa amatha kuvulaza mwana. Makapisozi ogula pamsika nawonso ayi. Ena mwa iwo, monga tetracycline, amadetsa mano a mwana akadali m'mimba. Ndikupempheninso, musaike asipirini, fodya, petulo kapena madzi a batire pa dzinolo. Zimangowotcha usinini, bowo lija lili pomwepo. Vumatani madzi ofunda othira mchere pang'ono, ndipo tiyi wa shuga wambiri, sobo ndi maswiti muyambe mwapumira.

Ine chimandiwawa n'chakuti kusikelo amatiyeza thupi, BP, magazi, amatipatsa neti ndi fansida, koma sizichitikachitika kuti wina anene kuti mayi tayasamulani ndione m'kamwa. Anamwino sindikuwada, ntchito ndi yochuluka kale. Anthu a mano ndiwo ochepa. M'chaka cha 2019, pamene maphunziro a udokotala wa mano ankayamba ku College of Medicine, yomwe pano ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS), madokotala a mano m'dziko lonse lino sankakwana 50. Amene timawapeza m'maboma muno ambiri ndi ma dental therapist, anthu othandiza odwala mano koma osafika pa udokotala, ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo kuzula dzino amakudziwa bwino, musawakayikire. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya umoyo wa m'kamwa mu 2022, koma mayi wa ku Kasinje, ku Bilila kapena ku Tsangano adzaimva kukoma tsiku limene adzayambe kuonedwa m'kamwa pa sikelo ya kwawo. Nkhaniyi si yaing'ono chifukwa matenda a usinini amapezeka kwambiri mwa amayi amene abereka masiku asanakwane. Kafukufuku wina wa m'zipatala za ku Lilongwe, wa amayi oposa 10,000, anapeza kuti amene ankatafuna chingamu chokhala ndi xylitol, chotsekemeretsa chomwe sichiwoletsa mano ngati shuga, anabereka ana osakwana masiku ocheperapo. Chingamucho si chapagolosale chashuga chija, musakagule chimenecho.

Mwatchulanso kuti usinini ukutuluka magazi mukamatsuka. Ambiri apakati zimawachitikira chifukwa thupi lasintha, usinini umafewa n'kumatupa msanga. Musasiye kutsuka chifukwa choona magazi, kusiyako ndi kumene kumakulitsa chiseyeye. Tsukani m'mawa ndi pogona, ndi mswachi wofewa komanso mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, ngakhale kachubu kakang'ono kotchipa kaja. Mukasanza musathamangire mswachi, chukuchani kaye ndi madzi, mutsuke pakapita kanthawi, chifukwa masanzi amafewetsa mano. Zoti mwana amayamwa mphamvu ya mano a mayi ake n'zabodza. Mano amawonongeka ndi shuga, masanzi ndi kusatsuka. Ngati mukulakalaka dothi, auzeni anamwino akuyezeni magazi, chifukwa nthawi zambiri chilakolako chimenecho chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, ndipo mchenga wa m'dothimo umaperesa mano.

Inu amene muli pa boma pa Ntcheu m'gulu muno, tawafunsirani achemwaliwa masiku ndi nthawi imene a mano akuona odwala sabata ino, mulembe pansipa kuti akanyamuka akapeze thandizo tsiku lomwelo.