Kupeza phungu pa nkhani za tsankho ndi kusungulumwa ku England

Ambiri obwera kumene amayamba ndi kusowa tulo, mutu wosatha, kupsa mtima msanga. Mukafufuza gwero lake mumapeza zinthu ngati izi: agogo omwe mukuwasamalira akukana kuti munthu wakuda awakhudze, akuntchito akukupatsani dzina lina chifukwa lanu "n'lovuta", mwana wanu sakufunanso kuyankhula Chichewa pagulu. Zimenezi n'zoyenera kupita nazo kwa phungu wa za maganizo (counsellor), simukuyenera kudikira mpaka mutadwala.

Choyamba lembetsani kwa GP, dokotala wa m'dera lanu. N'kwaulere, ndipo sayenera kukukanani chifukwa chosowa umboni wa adiresi kapena mapepala a visa. Mukatero, ngati muli ndi zaka 18 kapena kuposerapo, mungadzilembetse nokha pa intaneti ku NHS Talking Therapies, uphungu wa zipatala za boma, osadutsiranso kwa dokotala. Adzakuimbirani foni n'kukufunsani mafunso a PHQ-9 ndi GAD-7, oyeza kukhumudwa ndi nkhawa m'masabata awiri apitawo. Apa ndi pomwe ambirife timalakwitsa. Tinazolowera kuyankha kuti "tili bwino, kaya inu", ndiye mapointsi amatsika, n'kukupatsani thandizo lopepuka. Nenani zenizeni, ndipo mawu oti tsankho muwatchule. Womasulira ndi waulere. Ngati Chichewa sakuchipeza pamndandanda, ayang'ane Nyanja. Koma poti Amalawi kuno timadziwana, funsani dzina la womasulirayo kaye, mwina mumapemphera naye mpingo umodzi.

Nthawi zambiri amapereka CBT, njira yoyesa maganizo anu ngati akugwirizana ndi zoona. Imathandiza, koma phungu wosazindikira angayambe kukufunsani ngati mwina munangomva molakwa, chonsecho munanyozedwadi. Wina amamva zoti mumatumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse n'kukulangizani kuti muziganizira za inu nokha, osadziwa kuti fizi ya mwana wa achemwali ndi udindo. Choncho tsiku loyamba mufunseni: munagwirapo ntchito ndi anthu ochokera ku Africa? Za tsankho mumazitenga bwanji? Nanga za chipembedzo? Akamazemba, pemphani wina. Si mwano.

Ngati mungathe kulipira, yang'anani mndandanda wa BAATN, bungwe la aphungu akuda, a ku Africa ndi a ku Asia. Kukumana kumodzi kumatenga mphindi 50, ndipo ena amatsitsa mtengo mukawauza za malipiro anu. Onetsetsani kuti ali m'kaundula wa BACP kapena UKCP, mabungwe oyang'anira aphungu, chifukwa kuno aliyense angathe kudzitcha counsellor, lamulo silimuletsa.

Phungu sauza abwana anu kapena okupatsani visa zomwe mwakambirana. Chinsinsi amachiswa makamaka pamene moyo wanu, wa wina, kapena wa mwana uli pachiswe. Uphungu suthetsa mlandu wa kuntchito. Umenewo lembani masiku ndi mawu omwe ananenedwa, mupite nawo msanga ku Acas, bungwe lothandiza pa mikangano ya kuntchito, nthawi yodandaulira ndi yochepa. Usiku zikafika povuta, imbani Samaritans, bungwe lomvetsera anthu ovutika maganizo, pa 116 123 kwaulere, kapena NHS 111 n'kusankha za matenda a maganizo.