Ndalama za SIG zalowa koma ahedi akuti sitingagulire malata zonse, akutinamiza?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina yemwe ali mu komiti ya sukulu ya pulayimale kwawoko. Akuti chimphepo chinasasula denga la kalasi ya Sitandade 2, ana akuphunzirira pansi pa mtengo wa mango ndipo mvula ikangoyamba kudontha basi aweruka. Ndalama za SIG, zomwe boma limapereka ku sukulu za pulayimale kuti zitukuke, zalowa ku akaunti koma ahedi akukana kuti zonse zipite ku malata, akuti boma linaika malire. Makolo ena ayamba kale kunong'onezana kuti ahediwo akufuna kudya ndalamazo.

Mayi, ahedi anuwo sakunama ayi. Ndalama zimenezi zimabwera kudzera mu pulogalamu yotukula sukulu za pulayimale ya PSIP yomwe unduna wa zamaphunziro unayambitsa mu 2010, ndipo zimabwera zili zogawagawa kale. Pa K100 iliyonse, K50 ndi ya zothandiza kuti mwana aphunziredi bwino, monga choko, makope, zipangizo zophunzitsira, mwinanso kulipira aphunzitsi othandizira pomwe aphunzitsi ndi ochepa. K40 ndi yoti ana azibwera kusukulu osasiyira panjira, apa ndi pomwe pamalowa zokonzakonza makalasi, zimbudzi, kuthandiza ana amasiye ndi ovutikitsitsa. K10 yotsalayo ndi yoyendetsera sukulu, misonkhano ya komiti, thiransipoti yopita kubanki ndi zina zotero. Ndiye tingoyerekeza kuti mwalandira K1,000,000, malata anuwo akulimbirana malo ndi chimbudzi cha atsikana mu K400,000 basi.

Ndikudziwa kuti zimapweteka kuona ndalama ili m'banki mwana akunyowa, komabe ine malirewa sindingawataye onse. Kumbukirani kuti 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni chaka chimodzi chokha, ndipo kwa zaka zambiri sukulu inkadikira chilichonse kuchokera ku ofesi ya boma, ngakhale bokosi la choko. Ndalama zitayamba kufika m'manja mwa sukulu vuto lina linabadwa, anthufe timakonda chinthu chooneka ndi maso. Khoma lopaka laimu aliyense amaliona, amfumu amayamikira, alendo amajambula. Koma mwana wa Sitandade 1 yemwe alibe kope ndi pensulo palibe amamuyankhulira pa msonkhano, mwakuti lamulo likapanda kumusungira gawo lake chaka chimatha asakudziwa kulemba dzina lake. Ndipo malire a K10 ija ndiye ndimawateteza ndi mtima wonse, chifukwa mukangomasula pamenepo misonkhano ichuluka, ma alawansi ndi zakumwa zimeza ndalama ya ana.

Pomwe ndimasiyana ndi boma ndi apa, sukulu sizifanana. Ina ili mu tauni ya Lilongwe makalasi ake ndi olimba koma ana ndi odzaza thothotho, ina ili ku Phalombe kapena ku Nsanje komwe namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa makalasi ndi zimbudzi zomwe. Kuwauza onsewa kuti agawe mofanana 50, 40, 10 sizoona. Choko chigwira ntchito yanji pomwe bolodi ili pa khoma lopanda denga? Bwenzi pali mpata womveka bwino woti pakagwa ngozi komiti ipemphe chilolezo cholembedwa ndi kusuntha ndalama chaka chimenecho, K10 ija osaikhudza. Chinanso chomwe ahedi ambiri amadandaula nchakuti ndalamazi zimafika mochedwa, mitengo itakwera kale, ndiye pulani yomwe munalemba simugwirizananso ndi zomwe mukupeza kusitolo.

Tsono inu panopa mutani? Musawakakamize ahedi kuswa lamulo chifukwa akadzabwera ofufuza za ndalama wofunsidwa ndi iwowo, makolo onse omwe akukuwa lerowa sadzaoneka. Pemphani kuti atulutse SIP, pulani ija ya chitukuko cha sukulu yomwe imayenera kulembedwa ndi makolo, aphunzitsi, mafumu, gulu la amayi osamalira ana komanso ana eni ake. Ndalama imatsata zomwe zili m'menemo. Ambirife msonkhano wolemba pulani sitipita, timati ndi za a komiti, kenako ndalama zikabwera ndi pomwe timayamba kulimbana. Ngati denga mulibemo, itanani msonkhano wa komiti ndi PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), alembi alembe zomwe mwagwirizana, musayinire, kalatayo ipite kwa a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale a zoni yanu, kuti iwo akaifikitse ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu. Ikhale yolembedwa ndithu, ndi deti, kope ina mutsale nayo, za pafoni zimaiwalika.

Komanso denga lonse la buloko si katundu woti SIG isenze yokha, ndi yochepa. Kambani ndi khansala wanu ndi a VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi) kuti nkhaniyi ikafike ku khonsolo komwe kuli ndalama za chitukuko ngati CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu), inu mukanene zomwe mudzi ungathe, mchenga, madzi, amisiri a konkuno.

Za manong'onong'o akuti ahedi akudya ndalama, zithetseni poyera. Ndalama ya SIG satapa munthu mmodzi, a komiti amasayinira nawo, ndiye matani pepala pa bolodi la panja losonyeza zomwe zalowa, zomwe zagulidwa ndi mitengo yake, marisiti aliyense wofuna aone. Ndipo pomwe mukudikira yankholi, ana a Sitandade 2 aja musawasiye pansi pa mango mvula ino, pemphani tchalitchi kapena mzikiti wapafupi akubwerekeni malo pakati pa sabata, apo ayi ahedi akonze kuti azisinthana kalasi ndi a Sitandade 3, ena m'mawa ena masana.