Za ma shingle aja, achimwene musathamangire phula

Achimwene, mwati chimphepo cha sabata yatha chasasula ma shingle angapo (timapepala taphula tofolera denga, tokhala ndi timiyala pamwamba) kumbuyo kwa nyumba ndipo siling'i ya kubafa yayamba kuthimbirira, ndiye mukufuna kudziwa ngati mungakonze nokha. Mungathe ndithu ngati denga lake si lotsetsereka kwambiri. Koma aja akukuuzani kuti ingopakani phula aja akuganiza za malata a kumudzi, kuno ku South Bend, ku America, phula lopaka pamwamba limang'ambika ndi chisanu, sinowo ikamasungunuka madzi amalowa pomwepo.

Ine zinandionekera chaka chachiwiri nditagula nyumba. Kutagwa matalala anabwera bambo wina pakhomo, pikapu yake nambala ya state ina, akuti wawona denga langa ali pamsewu. Ndinampatsa madola cha m'ma 600, anakwera, anapaka chiphula chakuda paliponse, misomali anakhomera pamwamba mitu ili poyera, basi ulendo. Pofika March kudontha kuja kwabwereranso ndipo foni yake sikumapezeka. Ndiye tsiku lina kukugwa mvula ndinalowa mu attic, mpata wa pakati pa siling'i ndi denga, ndi tochi, ndikupeza kuti madzi sakuchokera pomwe anapaka paja ayi, akutsika ndi paipi ija imatulukira padenga kuchokera kubafa, labala yake yozungulira inali itang'ambika ndi dzuwa mpaka chala kumalowa. Kanthu kake amati pipe boot, ndinagula ku Menards, sitolo ya zomangira, madola osafika 20. Poti kwanunso kwathimbirira ndi kubafa, yambani mwayang'ana pamenepo musanagule chilichonse, madzi amayenda ndi matabwa patali asanadonthe.

Ma shingle osasukawo, nyamulani chidutswa chimodzi mupite nacho kusitolo chifukwa pali a 3-tab ndi a architectural, makulidwe ake ndi osiyana. Bandulo imodzi ndi madola 35 mpaka 45 mwina, imafunda ma square feet pafupifupi 33, kwa inu imodzi yakwana. Kala yake sidzafanana ndendende ndi akalewo, musadandaule nazo, ndi kumbuyo komwe. Mugulenso misomali ya denga ya galvanized ya mainchesi 1¼, chitsulo chophwatalala chozulira misomali, ndi tyubu imodzi ya roofing cement, phala laphula lomatira ma shingle.

Pomwe anthu amaonongera ndi pochotsa. Shingle imodzi imagwidwa ndi misomali yake 4 komanso misomali ya mzere wa pamwamba pake imaiboola m'mphepete, ndiye mukangokoka mung'amba yabwinobwino. Lowetsani chitsulo chija pang'onopang'ono kumatula guluu womata ma shingle, zulani misomali ya mizere yonse iwiri, kenako yakaleyo imasololoka yokha. Yatsopano mukhomere pa mzere womwe anajambula pa shingle pompo, mutu wa msomali ungokhudza osamira, ndipo uphimbike ndi shingle ya pamwamba. Misomali ya mzere wa pamwamba ija mubwezere, ine ndinaiwala ulendo woyamba. Cement ndi timadontho tating'ono pansi pa shingle, osati pamwamba.

Nyengo muisamale. Kukazizira kutsika madigiri 40 a kuno a Fahrenheit (pafupifupi 4 a Celsius) ma shingle amathyoka ngati bisiketi ndipo guluu wake sagwira mpaka dzuwa liwombe. Masana a July nawonso ayi, amafewa, nsapato zimakokolola timiyala tija. Mmawa mame asanaume musayerekeze. Makwerero apitirire denga ndi mafiti 3, wina awagwire pansi, ndipo alamu adziwe kuti muli pamwamba, osati kukwera iwo ali ku shifiti. Ngati nyumba ndi ya nsanjika ziwiri ine sindikwera, bilu ya chipatala kuno mukuidziwa.

Jambulani zithunzi musanakhudze kalikonse, a inshuwalansi amazifuna. Ndipo mukakwera suzumirani mu gutter, ngalande ya madzi ya m'mphepete mwa denga, mukapeza timiyala ta ma shingle tadzaza ngati mchenga wa ku Salima ndiye kuti denga lonse latopa, zigamba zingokufikitsani chaka chimodzi kapena ziwiri. Chitsulo chozulira chija musagule, changa chili mu galaja, mudzatenge Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi koma chibwere.