Mphaka Wadzidzimuka ndi Mphenzi: Musamukoke, Atuluka Yekha

Funso: Alangizi, tili ndi mphaka amene amatilondera chimanga kuti makoswe asaboole matumba. Dzana usiku mphenzi inagwa pamtengo wa mango pafupi ndi nyumba. Chiyambire pamenepo wangobindikira kuseri kwa matumba, sakudya bwino, ndipo mwana wanga atafuna kumutulutsa anamukanda. Kodi wapenga? Timupatse Panado? (Mayi wa ku Mchinji)

Yankho: Mayi, Panado ayi, ngakhale kachibenthu. Chiwindi cha mphaka sichitha kulimbana ndi paracetamol, mankhwala amene ali mu Panado, ngati mmene chathu chimachitira, moti piritsi limodzi lokha limatha kumupha.

Mphaka wanuyo ali ndi mantha. Makutu amene amamva khoswe akuyenda mkati mwa nkhokwe ndi omwewo amene alandira bingu lija. Mphaka akaopa amabisala, ndipo kubisalako ndiye mankhwala ake. Mukamukoka amaona ngati zoopsa zija zamupeza komwe anathawira, n'chifukwa chake mwana anakandidwa. Uzani ana amusiye, ndipo galu asalowe m'chipindamo.

Pafupi ndi pomwe wabisala ikani katoni kapena dengu logonekedwa chammbali, muyalemo nsanza imene amagonapo masiku onse. Musaichape, chifukwa fungo lake lomwe ndi limene limamukhazika mtima pansi. Ikaninso madzi oyera ndi usipa wophika wopanda mchere, wofunda pang'ono kuti fungo limukope. Mkaka wa ng'ombe usiyeni, amphaka ambiri akuluakulu amatsekula nawo m'mimba. Beseni lakale la mchenga wouma likhale chapatali ndi chakudya, kuti adzithandiziremo. Akaipitsa m'nyumba masiku amenewa musamumenye. Madzulo kukakhala zii, mukhale pansi chapoteropo, muzilankhula motsitsa, osamuyang'anitsitsa m'maso. Ambiri amayamba kudya usiku anthu atagona, kenako n'kutuluka okha pakapita tsiku limodzi kapena awiri.

Koma si zonse zimene zili za mantha. Mphaka akatha masiku awiri osalawa kanthu, chiwindi chimatha kuyamba kuwonongeka, makamaka akakhala wonenepa. Wamphongo akamakhala pamchenga n'kumadzikakamiza kukodza koma osatuluka kanthu, njira ya mkodzo yatsekeka, ndipo ameneyo apite kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso akamapuma kukamwa kuli yasa. Akamatuluka dovu, kunjenjemera kapena kudzandira, ganizirani za tameki kapena mankhwala ena a makoswe, kapenanso chiwewe. Wotereyo musamugwire ndi manja.

Za mwanayo, tsukani pokandidwapo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako mupite naye kuchipatala ndipo mukawauze ngati mphakayo analandira katemera wa chiwewe. Ambiri timatengera agalu okha kukatemera n'kuiwala kuti amphaka nawonso amadwala matendawa.

Funso: Nanga makombola a pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano? Wathu anathawa chaka chatha, ena n'kumati n'zamasalamusi. (Bambo wa ku Lunzu)

Yankho: Palibe zamasalamusi apa, bambo, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona mphaka wamantha akugendedwa chifukwa cha mphekesera zotere. Makombola ali ndi ubwino umodzi: tsiku lake limadziwika. Mudyetseni dzuwa lisanalowe, mumutsekere m'chipinda chamkati momwe muli pobisala, ndipo wailesi izilira motsika kuti iphimbe phokoso lakunja. Ngati akuyamwitsa, ana ake akhale naye momwemo, apo ayi adzawatuta n'kukawabisa kumene simungawapeze. Akathawabe, musayambe kufunira kutali. Nthawi zambiri amakhala pansi pa nkhokwe, kudenga kapena kuseri kwa khola. Muzikamuitana mbandakucha ndi mbale yake, anthu asanadzuke.